Maliro a Munthu Wamoyo

Nkhondo ya ku Mozambiki itangotha, amuna a pa Nselema anaisamutsira pabawo. Ine ndinkagulitsa matemba pafupi ndi mtengo wa mango umene ankasewerapo, mwana wanga Zaina ali kumbuyo, ndiye zonse ndinkazimva.

"Boma ndilo lapambana," anatero Che Swaibu. "A m'tchire aja alanda matauni angati, nanga Maputo anaiona? Kudya nkhomo zambiri si kupambana bawo."

"Iyayi achimwene, inu mumaona pafupi ngati nkhuku," anayankha amuna anga, Che Hamadi. "Maputo ankaifuniranji? Aumiriza boma kulola zipani zambiri. Kupambana ndi kumeneko!"

Anzawo onse anaweramira pabawo. Kumbuyo kwawo kunali a Jasten, amalaya ofiira, ogulitsa makadi a chipani. Anali atasiya kutafuna nzimbe. Chaka chatha telala wina ananena zochepa kuposa izi, mpaka lero mkazi wake sadziwa ndende imene ali.

"Pitirizani, Che Hamadi," anatero a Jasten mofatsa. "Nanga kuno kwathu?"

Amuna angawo ndimawadziwa, funso salisiya pansi. Anali atatsegula kale pakamwa. Mkazi saitana mwamuna pabawo, angachite kukuseka. Koma Asilamufe maliro sitiwagoneka, akamveka aliyense amadzuka pomwepo.

Ndinadzigwetsa m'fumbi, manja kumutu.

"Mayo ine! Abambo ake Zaina, amalume anu ku Kalembo atisiya!"

Misozi sindinachite kuifunafuna, inali pafupi kale. Bawo linathera pomwepo. A Jasten anavula chipewa.

Titafika pamsewu ndinawauza. "Amalume ali bwinobwino. Kwerani lole iyi, mukakhale komweko mpaka nditumize mawu."

"Wapha amalume anga ndi pakamwa?"

"Pakamwa pakupha ndi panu."

Anakwera loleyo.

Chimene sindinachiganizire ndi ubwino wa anthu. Che Swaibu ndi anzawo akumzikiti anagula sanda yokulungira mtembo n'kuwalondola amuna angawo tsiku lomwelo. Anakapeza nkhalamba ili pakhonde, ikusenda chinangwa. Mpaka pano achibale a kumeneko sandiyankhula, ati ndinawalodzera imfa.

Patha milungu itatu. Amuna anga ali moyo, akulima ganyu ku Kalembo. Koma tsiku lililonse la msika a Jasten amaima pa matemba anga, osagula.

"Mayi, maliro aja sanathebe?"

"Sanathe, bambo," ndimatero nditagwada, Zaina nditamumanga zolimba kumbuyo.