Foni ya Caroline Inathimira pa Kameza

Caroline anakwera pa chulu cha kuseri kwa khola la mbuzi, nayatsa foni yake, n'kuikweza m'mwamba. Pamudzi pawo ponse, kumadzulo kwa Lirangwe, malo amene netiweki ya foniyo inkagwirako anali pachulupo basi, nayonso yochita kunyengerera.

Foniyo anaigula chaka chatha ku Limbe, pa tenti ya kampani ina yomwe inkagulitsa mafoni motchipa. Anyamata ogulitsawo anamusonyeza kamera, anamuikira watsapu, koma sanamuuze kuti foniyo ndi yokiya, siilola laini ya kampani ina. Anadzazindikira atafika kumudzi, kumene anthu onse amagwiritsa ntchito laini inayo chifukwa imagwira ngakhale uli m'bafa. Ndiye poti foniyo inkangokhalira kusakasaka netiweki, moto unkatha ngati madzi a mu ndowa yobooka. Sabata imeneyo zinthu zinanyanya. Mphepo inagwetsa mapolo a magetsi, ndipo pa Lirangwe ponse panalibe potchajira. Caroline ankaithimitsa foniyo usiku ndi m'mawa wonse, n'kumaiyatsa kamodzi dzuwa likakwera.

Chomwe anaigulira chinali chimodzi: mng'ono wake Thandizo. Mtsikanayu anapita kudziko lina la Aluya kukagwira ntchito ya m'nyumba. Amene anamupezera mwayiwo ndi a Walter, bambo wa ku Chileka wovala bwino, wolankhula mofatsa, amene ankayenda m'matchalitchi kufunsa atsikana olimbikira. Miyezi yoyamba Thandizo ankatumiza zithunzi. Kenako anayamba kutumiza mawu onong'ona, kuti mabwana ake amulanda pasipoti, kuti akugona m'khitchini, kuti akadwala amamumenya. Kenako zii. Patapita nthawi yaitali, gulu lina la amayi othandiza atsikana otere linamutulutsa m'nyumbamo, n'kumupezera chikalata choyendera ndi tikiti. Uthenga womaliza unati afika mawa pa bwalo la ndege la Chileka.

Foni inanjenjemera m'manja mwake. Unali uthenga wa mawu wochokera pa nambala yachilendo, yakunja. Caroline anaika foni kukhutu.

"Achemwali, ndine Thandizo. Foni ino ndabwereka kwa mayi wina amene tili naye pa ulendo. Atisinthira ndege, tikufika lero masana, osati mawa. Chonde mubwere. Mzimayi wa kuno uja amene amagwira ntchito ndi a Walter anandipeza dzulo, akuti a Walter akandichingamira okha. Akuti ndikapume kaye kwawo ndisanaonane ndi anthu. Achemwali, ine ndikuopa. Musachedwe."

Caroline anayang'ana nthawi imene uthengawo unatumizidwa. Unabwera m'bandakucha, foni ili chithimire. Anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika paliwombo. Anayang'ananso pakona pa foni, ndipo kachizindikiro ka batire kanali katafiira.

Anatsika pachulu chothamanga, chitenje chikumukola m'miyendo, nalunjika kwa mlamu wake Gracian, mng'ono wa mwamuna wake, amene ankachita kabaza wa njinga yamoto. Anamupeza ali chogwada pakhonde, akuthira oyilo pa tcheni.

"Alamu, siyani zimenezo. Thandizo akutera lero."

"Lero? Simunati mawa?"

"Asintha. Ndipo a Walter akudziwa."

Gracian anaimirira, napukuta manja pa buluku. "Ndiye chifukwa chake. Dzulo pa siteji anzanga amati kunabwera galimoto yoyera, munthu wake amafunsa ngati inu muli pakhomo, ngati muli ndi thiransipoti yopitira ku Chileka. Ine ndinangoti mwina ndi a kutchalitchi."

Caroline ankadziwa chomwe a Walter ankafuna. Thandizo akafika pamudzi n'kufotokoza zimene anaona, palibenso kholo limene lingapereke mwana wake kwa bamboyo. Koma akayamba wagona kunyumba kwawo masiku angapo, ali yekha, wotopa, wamantha, adzatulukako atauzidwa zoyankhula. Mwinanso osatulukako msanga.

"Bweretsani laini yanu," anatero Caroline. "Ndimuyankhe pompano."

"Mlamu, si tinayesa kale? Imakana."

"Bweretsani basi!"

Gracian anatsegula kafoni kake ka mabatani, kamene kankatha sabata yathunthu osatchaja, natulutsa laini. Caroline anaboola pambali pa foni yake ndi pini wa chitenje, nalowetsa lainiyo. Foni inaganiza pang'ono, kenako inalemba mawu achingerezi omwe aja, opempha nambala yotsegulira. Kachizindikiro kofiira kaja kanachepanso.

"Mwaonatu, mwangotaya moto," anatero Gracian. "Bwezerani yanu, muithimitse. Tikayatsa kutsogolo komwe kuli netiweki."

"Nanga kuimba pa yanuyo?"

"Nambala yakunja imeneyo? Munthu wake ali m'mwamba? Ndipo kafoni kangaka watsapu sikaidziwa. Tiyeni."

Caroline sanasinthe n'komwe malaya. Anangomanga chitenje molimba, nalowetsa foni pachifuwa, n'kukwera. Njira yafumbi yotulukira kumsewu waukulu inali yokumbika ndi mvula, ndipo Gracian ankaizemba mibulu ya miyala mwaluso, koma kwa Caroline zinkaoneka ngati njingayo ikukwawa. Anadutsa m'minda ya chimanga chomwe chinali chitayamba kumasula. Amayi ena amene ankachokera kudimba anamukuwira moni, njinga n'kungodutsa.

Atafika pa tala, Gracian anaikoka njinga. Mphepo inamutulutsa Caroline misozi. Dzanja lina anagwira chitsulo cha kumbuyo, lina analisindikiza pachifuwa pamene panali foni. Mtima unkamuuza kuti ayatse, aone ngati pabwera uthenga wina. Mutu unkamuuza kuti kuyatsa kokhako kumadya moto. Anapirira mpaka pa Lunzu.

Pa Lunzu linali tsiku la msika. Maminibasi anaima mopingasa, ogulitsa tomato ndi anyezi atayala mpaka m'mphepete mwa msewu, ngolo ya ng'ombe itatsekereza lole ya simenti. Gracian anatsitsa mapazi pansi n'kumayenda chokankha. Apo Caroline anamva wailesi ikulira mu shopu yometera tsitsi.

"Kuno magetsi aliko! Imani!"

Anadumpha njinga isanaime bwino, nalowa mu shopumo. Wometayo, makina ali m'manja, anamuyang'ana modabwa.

"Achimwene, chonde, tchaja. Pang'ono pokha. Ndi nkhani ya moyo wa munthu."

Mnyamatayo sanafunse zambiri. Anazula foni yake pakhoma n'kulumikiza ya Caroline. Pagalasi lakuda panaoneka kabatire kopanda kanthu, kamzere kofiira kakuphethira. Caroline anaima chiimire akukayang'ana. Kamzereko sikanasunthe. Bambo amene ankametedwayo, mutu uli theka, anati mafoni amenewa amatenga nthawi kuti adzuke, akhale pansi adikire.

Gracian anasuzumira pakhomo. "Mlamu, musankhe. Tikhale pano foni idzaze, kapena tizipita. Zonse ziwiri sizitheka."

Asanayankhe, kunja kunamveka mkokomo wapansipansi. Anthu ena pamsika anakweza maso. Kumadzulo, pansi pa mitambo, ndege yaikulu inkatsika pang'onopang'ono, matayala ali kunja.

Caroline anazula foniyo, nathokoza ali kale pakhomo.

Kuchoka pa Lunzu Gracian anawerama pa chiwongolero, napitirira malole, akuliza hutala. Atayandikira pa raundabauti ya Kameza, pokhotera ku Chileka, Caroline analephera kupirira. Anamumenya pamsana kuti aime. Anayatsa foni. Inatenga nthawi ngati ikuchita dala, kusonyeza dzina la kampani, kuimba kanyimbo kake, kusaka netiweki. Kenako timizere tonse tinadzaza, ndipo uthenga unalowa.

"Achemwali, tatera." Mawu a Thandizo anali otsika, kumbuyo kukumveka phokoso la anthu. "Ndasuzumira panja, sindikukuonani. A Walter alipo. Akuti inu mwadwala, mwagonekedwa, ndiye mwawatuma iwowo. Ndi zoona? Mayi a foni ino akunyamuka, abale awo afika. Ndiyankheni msanga. Ngati mwadwaladi ndingopita nawo, nanga nditani?"

Caroline anasindikiza kachizindikiro kojambulira mawu. "Thandizo, ndi bodza! Ndili pa Kameza, ndikubwera. Usakwere galimoto ya munthu, wamva? Khala pomwe pali apolisi, usa—"

Foni inanjenjemera kamodzi, galasi linada.

Anaisindikiza pambali. Anaigwedeza. Anaisindikizanso mpaka chala chinawawa. Palibe. Sanadziwe ngati mawuwo anapita kapena anafera momwemo.

"Gwirani zolimba," anatero Gracian.

Msewu wa ku bwalo la ndege anaudutsa ngati mphepo. Pageti, mlonda anaimitsa njingayo kuti afunse kumene akupita, ndipo Caroline sanadikire. Anatsika n'kuyamba kuthamanga, patapata mmodzi n'kutsalira pa tala. Pamalo oimika magalimoto panali anthu ambiri, ena akukumbatirana, ena akukweza masutikesi. Anayang'ana nkhope iliyonse ya mtsikana. Thandizo amene ankamufuna anali wonenepa, wa masaya, woyenda modumpha. Panalibe wotero.

Amene anayamba kumuona anali a Walter. Anavala shati yoyera yopisira, ndipo ankatsegula chitseko cha kumbuyo cha galimoto, dzanja lina atagwira chigongono cha mzimayi woonda, wovala mkanjo wakuda wofika kumapazi ndi mpango kumutu. Mzimayiyo ananyamula kachikwama kamodzi kapulasitiki. Anali atalowetsa kale mwendo umodzi m'galimotomo.

"Thandizo!"

Mzimayiyo anatembenuka. Maso okha ndi amene anali a Thandizo.

Caroline anafika n'kugwira chitsekocho ndi manja awiri, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. A Walter sanadzidzimuke. Anamwetulira, namuitana Caroline ndi dzina la mwana wake.

"Aa, mayi a Luke, mwapeza bwino? Mulungu ndi wabwino. Ine ndinamva kuti simuli bwino, ndiye ndinati mwanayu asasowe womulandira. Kwerani nonse, ndikakusiyeni."

"Anakuuzani ndani kuti ndadwala?"

"Musakweze mawu, mayi, pano ndi pa anthu. Mwanayu watopa. Tikakambirana kunyumba mwaulemu."

"Thandizo, tuluka."

Thandizo sanasunthe. Anayang'ana mkulu wake, nayang'ana dzanja la a Walter. Apo m'pamene Caroline anaona kuti bamboyo wagwira envelopu ya khaki, ndipo anazindikira kuti chikalata choyendera cha mng'ono wake chili mmenemo. Anamuona Thandizo mmene anaweramitsira mutu, mmene anapindira mapewa ngati munthu wozolowera kudikira chilolezo, ndipo mkwiyo unamukwera.

"Anthuni, bwerani mudzaone!" anakuwa. "Bambo awa ndi amene anagulitsa mng'ono wanga kunja! Lero akufuna amubenso!"

Anthu anatembenuka. Madalaivala a matakisi anayandikira. Gracian anafika n'kuimika njinga yake kutsogolo kwenikweni kwa galimotoyo, nazimitsa injini, n'kupinda manja. Kumwetulira kwa a Walter kunayamba kuuma. Wapolisi wachizimayi amene anaima pakhomo la bwalo anabwera akuyenda mosafulumira.

"Chikuchitika n'chiyani pano?"

"Ndi nkhani ya pabanja, bwana," anatero a Walter. "Ine ndine malume ake a mtsikanayu."

Wapolisiyo sanawayang'ane. Anawerama pang'ono kuti aone nkhope ya Thandizo. "Asisi, bambo awa ndi malume anu?"

Caroline anafuna kumuyankhira, koma anadziluma mlomo.

"Ayi," anatero Thandizo, mawu ake ngati a mwana. Kenako anatulutsa mwendo uja m'galimoto, naima chilili. "Ayi. Si malume anga. Ndipo andilanda pepala langa."

Wapolisiyo anatambasula dzanja. A Walter anapereka envelopuyo, akufotokoza kuti amangomusungira, kuti anthu sayamika. Wapolisiyo anawauza kuti akafotokoze bwino zimenezo mu ofesi, ndipo anaitana mnzake kuti awaperekeze. A Walter anapita akupukuta thukuta pakhosi, makiyi a galimoto akulira m'manja.

Pamenepo m'pamene Caroline anamukumbatira mng'ono wake. Anamva nthiti zokhazokha pansi pa mkanjowo. Sanalire mokweza. Anangogwirana, akugwedezeka, anthu n'kuyamba kubalalika.

Anakhala nthawi ndithu mu ofesi ya apolisi, Thandizo akufotokoza, wapolisi uja akumupatsa madzi akatsamwa. Potuluka dzuwa linali litapendeka. Gracian anati atsogola ndi njinga kukauza anthu kumudzi, iwo akwere minibasi.

Mu minibasimo Thandizo anakhala pawindo, akuyang'ana minda ndi ana a sukulu oweruka. Anavula mpango uja n'kuupinda pamiyendo. Tsitsi lake linali lothothoka m'mbali.

"Achemwali," anatero atadutsa pa Lunzu, "ku Mdeka n'kutali ndi kwathu?"

"Ayi, ndi pafupi. Bwanji?"

"Kumene ndinali kuja ndasiyako awiri, Nancy ndi Dailesi. Onse kwawo ndi ku Mdeka, onse anapita kudzera mwa a Walter. Makolo awo akuganiza kuti ali bwino. Dailesi anathyoka mkono, sanapite naye kuchipatala. Ndinawalonjeza kuti ndikafika ndikawauza amayi awo pamaso, ndi kuwasonyeza amayi a gulu lija linandithandiza ine."

"Upume kaye masiku angapo. Taona mmene ulili."

Thandizo anapukusa mutu. "Mawa."

Caroline anamuyang'ana, nayang'ana manja ake okhakhala, osweka ndi sopo. Anawatenga n'kuwaika m'manja mwake.

"Chabwino. Mawa tipitira limodzi."