Odi wa Chidebe

Tsiku limene Chidebe anavula chidebe chake ndinali pakati poluka mkazi wa aphunzitsi, ndipo ndinatsala pang'ono kumuzula tsitsi. Saluni yanga ndi chipinda cha ometa zinangolekanitsidwa ndi khoma la matabwa, moti amuna akakuwa uko, kuno galasi limanjenjemera. M'mawa umenewo anakuwa onse pamodzi ngati timu yawo yagoletsa, kenaka kunangoti zii, makina ometera okha akulira.

Kwa inu amene simuonera zoopsa, Chidebe ndi chimunthu cha m'mafilimu akunja, chovala chikhoti chachitali ndi chidebe chadzimbiri kumutu, choboola maso awiri. Chimayenda khomo ndi khomo, ndipo nyumba imene chalowa simutsala wofotokoza. Mafilimu ake anali atafika pati seveni, kunena kuti gawo lachisanu ndi chiwiri, ndipo onsewo anawaika m'chiyankhulo chathu ndi achimwene anga.

Kwa eni ake filimuyo, Chidebe sayankhula. Achimwene ndi amene anaona kuti chinthu chongolowa m'nyumba za eni chili duu n'chosaleredwa bwino, ndiye anachipatsa mawu. Chikafika pakhomo mumamva mawu otsika, okoka, ngati a munthu amene sakufuna kudzutsa khanda: "Odi kunoo, muli anthu muno?" Mawu amenewo ndi amene anawatchukitsa, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika, aliyense amangoti a Odi. Sanalekere pomwepo. Anachipekeranso mbiri, akuti Chidebe ndi malume wina amene abale ake anamutsekera panja mvula ikugwa, ndipo filimu iliyonse ankawonjezera kena, pena mkazi amene anamuthawa, pena mwendo umene unathyoka ali mwana.

Tsono eni filimu analengeza kuti kukubwera ena awiri, pati eyiti chaka chomwechi ndi pati naini yotsekera, n'kutulutsa kachidutswa kokopera anthu. M'kachidutswako Chidebe waima pakhomo dzuwa likuswa mtengo. Akweza manja, achotsa chidebe. Mkati muja muli mayi wokalamba, wa imvi mbuu, khosi lowonda, milomo ikugwedezeka.

Kuseri kwa khoma mlandu unayamba nthawi yomweyo. Makaniko, kasitomala wa ometa amene anaonera pati iliyonse kangapo, anati eni filimu nzeru zawathera, nkhani inathera pa pati folo, zinazi akungotitafunitsa zotafuna kale, ndipo iye sadzaonera ngakhale atamugwira miyendo. Aliyense ankadziwa kuti adzakhala woyamba. Wanyama, mnzake wogulitsa nyama pamsika, anati eni filimu alibe mlandu, wabodza ndi a Odi: malume uja amene takhala tikumumvera chisoni zaka zonsezi ali kuti? Ometa ankavomereza onse awiri, poti onse ndi mitu yake. Mkazi wa aphunzitsi, mutu uli chopendekera m'manja mwanga, anati iye anadziwa kalekale, chifukwa sanaonepo mwamuna wopukuta mapazi asanalowe m'nyumba.

Achimwene anatulukira chakumasana. Sanapereke moni. Anakhala pabenchi, anadzuka, anatola chipeso, anachisiya, anapita pakhomo, anabwerera. Foni inkangonjenjemera m'thumba mwawo, akaitulutsa aone zimene anthu alemba nkhope inkagwa, koma pakangopita kanthawi aitulutsenso. Ndinawauza kuti akhale pansi asanandigwetsere mafuta.

Nkhani inali yakuti mwini situdiyo imene amajambulirako mawu wawapatsa mpaka Loweruka. Kachidutswa kaja katuluke m'chiyankhulo chathu, ndi mawu a mayi wokalamba amene anthu akhulupirire kuti ndi Chidebe yemwe uja. Zikakanika, mafilimu awiri onsewo apita kwa mkulu wina amene amapanga mawu pa kompyuta, ndipo za a Odi zithera pomwepo. Achimwene anali atayesa okha, atatsina mphuno, zinamveka ngati nkhuku yogwidwa ndi galu. Anayesa amayi awiri a kwaya, mawu abwino ndithu, koma odi wawo anali wouma, wa pakhomo pa ofesi.

"Odi ameneyo mwini wake ndi mmodzi, achimwene," ndinatero. "Mukumudziwa."

Anayang'ana kudenga ngati kuli cholembedwa.

Odi uja ndi wa amayi athu. Kuyambira tili ana ankaodira choncho, mawu otsika, kukoka kumapeto, kenaka kufunsa ngati muli anthu. Amayi ndi munthu woyenda. Wodwala ali kuti, wabereka ndani, wakwiya ndani, iwo afika. Achimwene anangotola odi ameneyo monga mwana amatolera chenje cha sopo, n'kumunenepetsa pang'ono kuti akhale wachimuna. Filimu itatchuka, amayi akaodira pakhomo ana ankabalalika akukuwa. Akuluakulu ankagwa ndi phwete n'kuwapempha kuti abwerezenso, ena mpaka kuwajambula pafoni, amvekere agogo nawonso amaonera Chidebe. Amayi sanadandaule kwa munthu. Anangosiya. Akafika pakhomo pa eni ankaima n'kumakhwekhwereza masilipasi, kapena kutsokomola pang'ono, kudikira kuti wina awaone. Kangapo konse anabwerera osaonedwa, mphatso ya wodwala ili m'manja. Zimenezi zinkandipweteka, ndipo zinkandikwiyitsa kwambiri chifukwa achimwene ankachita ngati sakuzidziwa.

Anandipempha kuti ndikawanenere kwa amayi, poti ine ndi amene ndimakhala nawo. Ndinakana. Anati ndine mlongo wouma mtima. Ndinati miyendo ali nayo. Anatuluka, anazungulira msika wonse, anabwerera kudzandiuza kuti mwina angoti mayiyo ndi mkazi wa malume uja wabwereka chidebe. Kuseri kwa khoma Wanyama anayankha kuti wamva, ndipo asayerekeze. Tsiku lotsatira anabwera ndi nzeru ina, lotsatiralo inanso, munthu akuwonda ndikumuona. Lachisanu ndinatseka saluni masana n'kuwatsogolera kunyumba ngati mbuzi yokana chingwe.

Titafika pakhomo ndinaima pambali dala kuti aodire okha. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, anangoima. Anatsegula pakamwa, anatseka. Apo mpamene ndinazindikira kuti nawonso anasiya kalekale kuodira, chifukwa kulikonse kumene angatero anthu amaseka. Mapeto ake anatulutsa foni n'kuimbira amayi, amene anali mkati momwemo akusita, ndipo tonse tinaimva ikulira pawindo.

Amayi anamvetsera nkhani yonse osasiya kusita. Achimwene anazungulira, anayamba ndi za umoyo, za denga lodontha, mpaka anafika pa Chidebe thukuta lili kamukamu. Amayi anaimika simbi n'kunena kuti awaonetse chinthucho, poti anangomva mbiri yake. Anavala magalasi, achimwene anawagwirira foni n'kumadumphitsa malo a magazi, kuwaonetsa pokhapokha pamene chafika pakhomo. Khomo loyamba, lachiwiri, la pati ina, la pati inanso. Paliponse odi yemweyo, anthu mkati atagwirana pakamwa, ena pansi pa bedi.

"Nanga bwanji sakumuyankha?" anafunsa amayi.

Achimwene anati ndi mmene filimu imakhalira, akayankha ndiye kuti palibenso choopsa. Amayi anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya nsalu, anati munthu wayenda makomo onsewo zaka zonsezi popanda womuyankha, mpake kuti anaipa mtima. Kenaka anafunsa kuti ku situdiyoko anthu amavala chiyani.

Situdiyo yake ndi kachipinda kumbuyo kwa sitolo ya mafoni, makoma omata mathireyi a mazira ndi matiresi akale kuti phokoso la mumsewu lisalowe. Mulibe windo. Mwini situdiyo, bambo wamfupi wosakhazikika ngati achimwene omwe, anawakhazika amayi pampando, anawaveka zomvera m'makutu, anawasendezera maikolofoni pakamwa. Anawafotokozera kuti mayi wa pa sikirini akangochotsa chidebe, iwo aodire. Chinthu chimodzi chokha anatichenjeza tonse: kagetsi kofiira kakayaka, wina asapume n'komwe, mawu a amayi atuluke okha.

Kagetsi kanayaka. Chidebe chinachoka. Amayi anangoyang'ana. Anabwezanso, chimodzimodzi. Ulendo wina anayamba, koma mawu anatuluka opyapyala, othothoka, osafika n'kumapeto komwe. Mwini situdiyo ankayang'ana wotchi, achimwene ankaluma chala, ine ndinkafuna kungowatenga amayi tizipita. Kutentha m'kachipindamo kunali kosasimbika.

Amayi anavula zomvera zija n'kuzipereka. Anati iwo sangaodire atakhala pampando mkati mwa nyumba, imeneyo ndi misala. Odi amachitira panja. Anadzuka, anatuluka, anakoka chitseko. Mwini situdiyo anakweza mapewa, anakokera maikolofoni pafupi ndi chitsekocho, anayatsa kagetsi, n'kutiopseza ndi chala.

Panapita kanthawi. Tinamva masilipasi akukhwekhwereza panja, monga amachitira masiku ano. Kenaka anasiya.

"Odi kunoo, muli anthu muno?"

Tsitsi linandiimirira, koma osati chifukwa cha mantha. Anali mawu amene ndinali nditaiwala kuti ndinawasowa, a amayi akubwera kuchokera koyenda, ife tili ana titatseka chitseko chifukwa cha mphepo. Mwini situdiyo anatukula chala chachikulu, dzanja linalo akutiletsa kuti tidikire, pakhale kachetechete wokwanira kudula bwino. Panja amayi anadikira nawonso. Sanabwereze. Ndinamva silipasi imodzi ikutembenuka, kenaka inzake, kuyamba kubwerera.

"Tilimo, amayi," anatero achimwene. "Tilimo. Lowani."

Anayankha mochedwa kwa amayi koma mofulumira kwa mwini situdiyo, amene anagwira kumutu. Chitseko chinatseguka, amayi analowa, anapukuta mapazi pa kachiguduli, anakhala pampando paja n'kupempha madzi. Mwini situdiyo anamvetsera zimene anajambula, anati masilipasi ndi yankho zalowerera kumchira kwa odi, akadula ziwonongeka, tibwereze kamodzi kokha. Anawachonderera mwaulemu wonse, mpaka kugwada pang'ono.

"Ndalowa kale, bambo," anatero amayi. "Ndiodirenso chiyani?"

Anayesa achimwene, anayesa mwini situdiyo kachiwiri, amayi ankangomwa madzi awo. Nthawi inali itatha. Kachidutswa kanatuluka Loweruka m'mawa momwemo mmene kanalili: mayi wa imvi pakhomo, odi, kachetechete, mapazi akubwerera, kenaka mawu a mwamuna ochokera m'nyumba imene pa sikirini simukuoneka munthu.

Achimwene anazimitsa foni n'kudzabisala mu saluni mwanga, kuseri kwa mawigi, kudikira kuti amve kutha kwawo kudzera pakhoma. Mkangano wa tsiku limenelo unaposa woyamba uja. Wanyama anati n'kulakwitsa koonekeratu, wina anayankhula mu situdiyo mwangozi, ndipo za malume sanaiwale. Makaniko anati Wanyama samva filimu. Pa mapati seveni onse palibe chinamuopsapo ngati mawu amenewo, chifukwa tsopano funso ndi lakuti ndani wakhala m'nyumbamo nthawi yonseyi, ndipo n'chifukwa chiyani akuti amayi. Anati malume uja ndiye ali mkatimo. Wina anati ayi, ndi mwana wake. Ometa anameta munthu mbali imodzi n'kuiwala inayo. Pofika masana mwini situdiyo anaimba pa foni yanga, poti ya achimwene inali chizimire, kunena kuti mafilimu onse awiri ndi awo, bola apeze chonena za munthu wa m'nyumbayo pati eyiti isanafike. Achimwene anakhala pansi modekha kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo, koma sipanapite nthawi anadzukanso kuyamba kuzungulira, akudziyankhulira za mwana wa Chidebe.

Dzuwa litapendeka ndinali ndikutsuka mutu wa kasitomala, msana ndapatsa kukhomo. Kuseri amuna anali asanamalize. Sindinamve masilipasi. Ndinangomva odi uja, wathunthu, wokoka mpaka kumapeto, pakhomo pa saluni yanga pamsewu pali anthu.

Makina a ometa anazima. Ndinadikira phwete lija, manja ali m'thovu, nditakonzeka kutuluka kukatukwana aliyense amene ayambe. Palibe anaseka. Kuseri kwa khoma kunali zii ngati mulibe anthu. Ine ndinangopitiriza kufikisa thovu, achimwene nawo akungotembenuza chipeso m'manja. Amene anayankha anali Wanyama, kudzera m'matabwa, ndi mawu aulemu amene sindinkadziwa kuti ali nawo, kuti alimo amayi, lowani.

Amayi analowa, anapukuta mapazi, anatiyang'ana ana awo awiri.

"Mpaka akuyankhireni aneba," anatero, n'kukhala pabenchi kudikira kuti ndiwaluke.