Nyali za Kumbuyo

Veikko anali atamasula kale nyali za kumbuyo kwa thirakitala pamene mwana wake Outi analowa m'galaja, atavala jekete ya malemu mayi ake.

"Bambo, chipale chofewa chagwa mpaka chafika m'mawondo. Sichinakankhidwe mumsewu chiikireni maliro."

Veikko anaponya nyalizo m'ndowa.

Anaziika yekha mwezi wathawu. Zinali zamakono, zowala mbee, koma sizinkatentha. Mababu akale ankasungunula chipale chowagwera, pomwe izi zinkangokwiririka, thirakitala osaonekanso. Lachiwiri lina masana mkazi wake Ritva, amene ankakankha chipale m'misewu ndi thirakitalayo, anatsika pamsewu kuti azipukute ndi golovesi. Dalaivala wa lole ya mitengo anamuona atafika kale pamphuno.

"Ndipatseni makiyi a thirakitala," anatero Outi.

"Ayi."

"Namwino akulephera kufika kwa odwala. Anthu akaimba foni akumapepesa kaye, kenako n'kufunsa za msewu."

"Aitane a kutauni."

"A kutauniwo abwera Lolemba, nkhalamba zitauma gwa m'nyumba. Mukufuna tikumbe manda angati?"

Veikko anatsitsa bokosi lafumbi pashelefu. Munali nyali zakale zija, zachikasu. Anazimanganso, zala zikukanika kugwira sipanala ndi kuzizira. Atayatsa, anaika chikhatho pagalasi n'kudikira.

"Gwira apa."

Outi anavula golovesi. "Pafunda."

"Zivute zitani, usatsike."

"Amayi mukanawauza zimenezo akanakutumani kukaphika khofi."

"Ndinawauza."

Veikko anapisa dzanja m'thumba, ndipo makiyi anatenga nthawi kuti atuluke.

Inali thu koloko masana, koma poti inali nyengo yozizira, kunja kunali kutayamba kale kuda. Outi anatsitsa chikhasu chokankhira chipale pageti n'kukhotera kumanzere, kumsewu waukulu. Veikko anamenya chitseko cha thirakitala ndi chikhatho.

"Kumanja kaye."

"Kwa a Kaarlo? Kanjira kawo sikali pamndandanda. Ndiponso inu ndi iwowo simulankhulana chikanganireni za malire, ine ndili kusukulu."

"Amayi ako ankayambira kumeneko."

"Chiyambire liti?"

"Chithyokere mwendo munthuyo. Ankayesa sindikudziwa."

Outi anayang'ana bambo ake kanthawi, kenako anabweza thirakitala m'mbuyo.

Veikko anatenga fosholo yotsamira pampanda. Chikhasu sichikanafika pamasitepe a Kaarlo. Pamenepo Ritva ankapala ndi manja. Veikko anaika fosholo paphewa n'kuyamba kuyenda m'kanjira kongotsegulidwako, maso ali pa nyali ziwiri zachikasu.