Kapu ya Madzi kwa Bana Mwape

Marjory anali pamzere wa kumpopi pamene anamva Chilekwa akumuitana. Sikunali kuitana kwa masiku onse kopempha mchere. Anasiya ndowa yake pomwepo, chinthu chimene mkazi wa mukomboni ya Kalingalinga sachita wamba, nathamanga chitenje chili m'manja.

Nyumba zawo zinali zoyang'anizana, zonse za zidina, miyala ili pamwamba pa malata. Chilekwa, amene ankamutcha Bana Mwape, kutanthauza amake Mwape, anali Mbemba wa ku Kasama, Mkatolika wa korona m'khosi. Marjory, amake Enos, anali wa ku Katete, mkazi wa a Whyson, kalipentala amenenso anali mkulu wa mpingo wa Babatisti. M'zaka zimenezo za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mafuta ophikira zinkachita kulimbirana pamizere, awiriwa ankagawana chilichonse. Za tchalitchi zokha sankaziyamba. Aliyense ankamumvera chisoni mnzake chamumtima, kuti munthu wabwino chotere n'kusochera.

M'nyumba munali kamdima. Mwape, khanda la Chilekwa, anali gone pamphasa, thupi lonse chikuku. Kukiliniki anali atapita naye kale, mankhwala anamwa, koma tsopano ankapuma mobanika, kachifuwa kakulowa m'kati. Marjory anali ataikapo mwana wake kalelo, ndipo kapumidwe kameneko anakazindikira.

Chilekwa anafotokoza mawu akuthamangitsana. Mwamuna wake, a Nkole, anali atapalasa njinga kukaitana ansembe, koma sanabwerere. Mwana anali wosabatizidwa, chifukwa ankadikira agogo ake kuti abwere pa basi kuchokera ku Kasama. Kwawo ku Katolika, imfa ikayandikira, munthu aliyense akhoza kubatiza. Koma amayi ake anamuphunzitsa kuti mayi sathira madzi mwana wobala yekha ngati pali Mkhristu wina pafupi. Ananyamula kapu ya malata yodzaza madzi.

"Bamake Enos, nibatizileni mwana. Ni imwe chabe muli pafupi."

Kumpingo kwa Marjory munthu amabatizidwa atakula, atavomereza ndi pakamwa pake, ndipo amamizidwa yense mumtsinje. Mwezi wathawo a Whyson anali atalalikira mpaka kutuluka thukuta kuti kuwaza makanda ndi mwambo wa anthu chabe. Mayi wina anamukhazika pa benchi ya kumbuyo, osalandira mgonero, chifukwa chongoimirira mwana wa mchemwali wake pa ubatizo wotero. Nanga mkazi wa mkulu wa mpingo, kuthira madziwo ndi dzanja lake! Ankaopa manyazi a mwamuna wake, ndipo ankaopanso Mulungu, chifukwa sanadziwe ngati limeneli ndi tchimo.

Anati bwanji angogwada apemphere. Chilekwa anapukusa mutu nati kupemphera wapemphera kuyambira m'mawa. Marjory anapita pakhomo kukasuzumira njinga. Mumsewu munali fumbi lokhalokha ndi azimayi obwera kumpopi. Atabwerera anapeza milomo ya mwana yayamba kuda.

"Kansi sindimwe Mkhristu imwe?" anafunsa Chilekwa, osakalipa, ngati munthu wofunadi kudziwa.

Funso limenelo linamupweteka kuposa kutukwanidwa. Anagwada, nalandira kapu. Chilekwa anamuuza kuti athire katatu pamphumi, ndipo anayamba kumutchulira mawu oti anene. Marjory sanafunikire kuuzidwa. Anali mawu omwewo amene abusa ananena pomumiza iye mumtsinje wa Kafue. Anamubatiza Mwape m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera, madzi akutsikira m'makutu mwa mwana. Chilekwa anapuma kwambiri, namufukata mwana wake, nkhope yake itamasuka. Dzuwa lisanapendeke, Mwape anatsirizika.

Ansembe anafika azimayi atadzaza kale pabwalo, Akatolika, a Dachi, a Sabata, ndi a Babatisti omwe, pakuti maliro a mukomboni safunsa mpingo. Anafunsa ngati mwana anabatizidwa. Chilekwa, amene chisoni chinamuiwalitsa kubisa, analoza Marjory pamaso pa onse. Ansembe anamugwira chanza ndi manja awiri. Azimayi a kumpingo kwa Marjory anangoyang'anana, ndipo Marjory anadziwa kuti nkhani ikafika kwa a Whyson iye asanadzuke pamphasa.

Anadzuka komabe, napita kuseri kwa nyumba kumene mwamuna wake ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Anawapeza akupala thabwa lalifupi. Panalibe amene anawatuma, koma bokosi la mwana wa mnansi linali litayambika kale. Sanatukule mutu. Marjory anagwada chapatali nanena zonse, osachotsera.

A Whyson anapitiriza kupala kwa nthawi imene Marjory anaiona ngati chaka. Kenaka anamufunsa ngati iye akukhulupirira kuti khanda limafunika madzi amenewo kuti Mulungu alilandire. Marjory anati sakhulupirira, koma anaona nkhope ya amake ndipo sakanatha kutuluka. Iwo anati chiphunzitso sasintha, Lamulungu adzalalikira zomwezo, ndipo akulu anzawo sadzalephera kumuitana. Marjory anavomera, misozi ikugwera pa zipalo za matabwa.

"Akakutumizani ku benchi ya kumbuyo, musakhale kumapeto," anatero a Whyson. "Mundisiyireko malo."

Anatenga misomali, namupatsa mbali ina ya thabwa kuti agwire.