Kadzanja pa Zenera la Galimoto ya Makalata

Ferdinand anamwalira Lachiwiri m'mawa osanditsanzika, mwano womwewo wa Abemba. Ine Morris ndine Mngoni wa ku Chipata, choncho iyeyo anali mbuya wanga: tinkanyozana popanda mlandu, ndipo pa maliro ake ntchito yoseketsa olira inali yanga. Ndinafika ku Nangongwe ufa uli kale m'thumba, woti ndiwaze abale ake m'mitu.

"Anyani a m'mapiri apumeko tsopano!" ndinakuwa pa geti. "Wowadya uja wapita!"

Azimayi anaseka misozi ili m'masaya. Ndinalowa m'nyumba kukapepesa mkazi wake, Mainess. Mipando anali atatulutsa, anthu ali pa mphasa. Ndisanakhale pansi ndinaona kuti pakhoma patsala msomali wokha. Chithunzi chija panalibe.

Chithunzicho chinali cha nthawi imene ndeke za ku Rhodesia zinkatigonetsa ndi nsapato. Ferdinand ankayendetsa galimoto ya makalata, ine ndinkanyamula matumba. Galimotoyo anaimata zitsulo mbali zonse, inkaoneka ngati fulu wonenepa, zenera lake kampata kongokwana maso. Pa chithunzipo Ferdinand waima patsogolo, chifuwa chili patali, atabwereka mfuti ya msilikali. Munthu amene ankathawa ngakhale tambala! Kumbuyo kuli lole ya asilikali otiperekeza, mfuti yaikulu italoza kumwamba. Alendo ankasirira mfutizo. Koma Mainess, popukuta galasi m'mawa uliwonse, chala chake chinkaima pa kampata kaja.

Pamenepo panali kadzanja. Kadontho koyera, ngati njere ya chimanga. Tsiku lojambula chithunzicho Mainess anatibweretsera nshima ali ndi mwana wawo woyamba, Evaristo, ndipo ine ndinalowa naye m'galimoto n'kumunyamula kuti asuzumire. Mvula ya chaka chomwecho isanathe, chikuku chinamutenga. Achikulire anati dzina la mwana wotere silitchulidwanso, kuopa kutsekereza obwera pambuyo. Silinatchulidwedi. Padziko lonse, Evaristo anatsala pa kampatako basi, ndipo odziwa tinali atatu. Tsopano awiri.

Mainess anandikodola. "Alamu, Winfrida watenga chithunzi, akuti cha pa bokosi. Muuzeni abweze mmene chinalili."

Winfrida ndi mwana wawo wamkazi, mayi wamkulu ndithu, wa ntchito ya muofesi ku Lusaka. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akulamulira ophika, foni ziwiri m'manja.

"Iwe mwana wa nyani, chithunzi cha atate wako chili kuti?"

"Ba ankolo, mwayamba! Onani mwekha mmene chakongolera." Anatulutsa kafelemu kagolide m'chikwama. M'menemo munali Ferdinand kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, yekhayekha, m'mbali mwake modulidwa bwino ndi sizasi.

"Nanga galimoto?"

"Abusa anakana. Akuti mfuti sizilowa m'tchalitchi, ngakhale za papepala. Ndangochotsa zitsulozo, atate ndawasiya."

"Zodulazo waika kuti?"

"Ndinazisiya pa mpando apa. Bwanji, mufuna kukagulitsa zitsulo zakale?"

Mwanayu anatengera pakamwa panga, ndinamuphunzitsa ndine. Tsiku lina ndikanamubwezera. Ndinangopita pa mpandopo. Panalibe kanthu. Ndinafunsa ophika, mayi wina wa ku Shimabala n'kuloza pa moto wa mphika wa nyemba. Nkhuni zinali zonyowa, iye anatola mapepala onse amene anawaona.

Ndinagwada, ine nkhalamba ya mawondo olira, n'kuyamba kufukula phulusa ndi manja. Anthu anaganiza kuti ndi sewero la chimbuya. "Mngoni akusaka mbewa!" anakuwa mlongo wake wa Ferdinand, bwalo lonse n'kufa nako kuseka. Wina anandithira ufa wanga womwe m'mutu. Ndinawasiya aseke. Pambali pa fuwa ndinapeza kachidutswa kopserera m'mbali: tayala lakutsogolo ndi nsapato ya msilikali. Kampata kaja kanali katapita ndi utsi.

Ndinaganiza zonama. Bodza ndimalitha, ndakhala ndikudyera momwemo moyo wanga wonse. Ndikanati chili ku situdiyo, chibwera mawa, mawalo n'kukhala mawa lina. Koma nditalowa m'nyumba Mainess anayang'ana manja anga akuda, kenako kachidutswako. Winfrida anali pambuyo panga ndi kafelemu kake.

"Amama, onani atate mmene akuonekera bwino."

Mainess sanayang'ane n'komwe. Nkhope ya mwamuna wake anali nayo ya zaka zonse, analibe nayo njala. Anatenga katayala kaja, n'kukatembenuza ngati mwina kuseri kuli kanthu. Kenako analira. Sikunali kulira kwa m'mawa kuja, koyankhana ndi anzake mwa mwambo. Uku kunachokera pansi penipeni.

"Evaristo! Evaristo mwana wanga, wapsa ine ndili pompano!"

Nyimbo ya azimayi a mpingo inaduka pakati. Winfrida anandigwira mkono. "Ba ankolo, Evaristo ndani?"

"Mlongo wako wamkulu," ndinatero. "Khala pansi."

Anakhala, kafelemu kali pamiyendo. Ndinamuuza zonse, ndipo koyamba m'moyo wanga ndinakamba nkhani osathiramo mchere. Sanalire msanga. Ankangoyang'ana zala zake, zimene zinagwira sizasi.

Panja ankandiitana. "Mngoni ali kuti? Abwere atiseketse, maliro azizira!" Sindinatuluke.

Patapita nthawi Mainess anapukuta maso ndi chitenje, n'kundiyandikira ngati wofunsa zachinsinsi.

"Alamu, ndakhala ndikukapukuta zaka zonsezi, koma taonani, mutu wanga wayamba kale kukana. Kanali kadzanja kati? Kamanja kapena kamanzere?"

"Kamanja, mlamu."

"Mukunena zoona? Inu paja simuchedwa kunama."

"Kamanja. Kamanzere kanali katandigwira khutu ili, kakukoka ngati kakufuna kupita nalo. M'bemba weniweni, wakuba kuyambira ali khanda."

Mainess anaseka pang'ono, kuseka kothera m'chifuwa. Anatambasula dzanja n'kugwira khutu langalo, lodzaza ufa ndi phulusa, ndipo sanalisiye.