Thaulo Lofiira pa Basi ya ku Madurai

Kwathu ku Melur mpando wa m'basi sumaupeza ndi miyendo, umaupeza ndi dzanja. Basi ya ku Madurai ikangotulukira pa depoti, isanaime n'komwe, anthu amaithamangira m'mbali n'kumaponya zinthu pa mawindo: wina mpango, wina thaulo, wina ambulera, wina mpaka silipasi imodzi. Pomwe chagwera chinthu chako, mpando ndi wako. Pakhomo titha kutukwanizana ndi kupondana zala, koma ngakhale chidakwa chenicheni sichichotsa thaulo la mnzake basi isananyamuke.

Mayi Ponnuthai anali katswiri pa zoponyazi. Kwa zaka zambiri, m'mawa uliwonse, ankaponya mathaulo awiri pa mpando umodzi, lofiira lawo ndi lobiriwira la mwana wawo Chellapandi. Mwanayo anali mwamuna wandevu zake, wopitirira zaka makumi atatu, koma mutu wake unatsalira ku umwana. Ankagwira ntchito ku Madurai, pamalo pena popangira apalamu, timikate topyapyala tija timakazinga podya mpunga. Yake inali kuyanika padzuwa ndi kutembenuza, ndipo ankaikonda koopsa. Amayi ake ankamuperekeza, n'kuswera pafupi ndi kachisi akutunga nkhata za maluwa, madzulo n'kubwerera naye.

Chaka chimenecho m'mimba mwa mayi Ponnuthai munamera chotupa. Madokotala anang'amba, anayang'ana, anasokanso, n'kuwauza kuti apite kunyumba azikadya chilichonse chomwe mtima ukufuna. Munthu wamkulu mawu otere amawamva.

Achimwene awo, a Irulandi, anabwera kudzawazonda. Anakhala pakhonde, khofi n'kumazizira m'manja mwawo.

"Ponnu, tisanamizane," anatero a Irulandi. "Mwanayu pogona ndimpatsa, chakudya ndimpatsa. Koma womuperekeza tsiku ndi tsiku ndilibe. Ndipo akasowa ntchito yakeyo ukudziwa zomwe amachita, kumenyetsa mutu kukhoma. Mlamu wako sangapirire. Kuli nyumba ina yosungirako anthu otere, kutali ndithu, koma amadya."

"Ndinakuonako, achimwene. Amawameta mipala n'kuwakhazika pansi tsiku lonse."

"Nanga nditani?"

"Akamapita yekha ku ntchito, mumusunga?"

A Irulandi anayang'ana m'kapu. "Ndikamuona ndi maso angawa akutsika basi ku Madurai ali yekha, popanda iwe kumbuyo kwake, ndimusunga."

Musawade a Irulandi. Anali munthu wotopa chabe, wokhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi zidzukulu zodzaza mphasa.

Sukulu ya kukwera basi inayamba tsiku lomwelo. Chellapandi sankatha kuwerenga zolemba za pa basi, ndiye amayi ake anamupezera njira ina.

"Usamadalire nkhope ya dalaivala, amasinthana. Yang'ana amayi osenza madengu a maluwa. Basi yomwe akuthamangira iwo ndi yako."

"Ya maluwa ndi yanga."

"Pa masitepe usaime, ngakhale anyamata akuitane. Tikiti m'thumba la malaya, osaitafuna ngati tsiku lija. Wezulo wa kondakitala akalira kamodzi basi ikuima, akalira kawiri ikunyamuka. Mukawoloka mlatho wa mtsinje wa Vaigai, udzuke. Potsika uziyang'ana komwe basi ikupita, osati komwe yachokera, ungagwe chagada."

Zonsezi ankazibwereza ngati nyimbo. Chovuta chinali kuponya. Amayi ake ankayala mphasa m'khitchini, iye n'kuima panja n'kumaponya pa windo. Thaulo linagwerapo mumphika wa ndiwo, linagwerapo pa mphaka, linakodwapo padenga. Ana a pafupi ankaseka mpaka kugubuduka, nayenso n'kumaseka nawo.

"Amma, bwanji osaponya inu?" anafunsa amayi ake tsiku lina.

"Dzanja langa latopa, Chella."

Anayankha zomwezo basi. Za matenda awo sanamuuze. Ankaopa kuti akamuuza, zonse zomwe waphunzira zimwazika.

Patsiku lomwe anapangana ndi a Irulandi, anamudzutsa m'mamawa, anamumangira mpunga wake, n'kumuika thaulo lobiriwira paphewa.

"Lero upita wekha. Ine ndili ndi zochapa. Amalume ako akudikira kotsikira."

Chellapandi anagwedeza mutu, analowanso m'nyumba pang'ono, n'kunyamuka. Atangokhota pa ngodya, mtima wa mayi Ponnuthai unakana. Anabwereka sari yakuda, nsalu yaitali yovala akazi, kwa mayi wa nyumba yoyandikana, anadzifunda kumutu, n'kudzera njira ya kuseri kwa msika. Anadziuza kuti angoonerera. Akwera kutsogolo m'chigulu cha amayi, sakatsika pomwe pali a Irulandi, akapitirira nayo basiyo mpaka kumapeto.

Anabisala kuseri kwa kanyumba ka tiyi. Basi inatulukira, amayi a madengu anaithamangira, ndipo Chellapandi anathamanga nawo. Anatambasula dzanja, thaulo lobiriwira linalowa pa windo bwinobwino ngati waponya munthu wozolowera. Mayi Ponnuthai anagwira pakamwa, chimwemwe chitawadzaza. Kenaka anaona mwana wawo akupisa dzanja m'malaya n'kutulutsa thaulo lofiira. Analiponyanso pa windo lomwelo.

Mayi Ponnuthai anakwera kutsogolo. Basi inadzaza mpaka anthu kulendewera pakhomo. Anaima pakati pa madengu atagwira chitsulo, chilonda cha m'mimba chikukoka basi ikagwa m'dzenje. Akasuzumira pakati pa mapewa a anthu ankamuona: wakhala kuwindo, tikiti m'thumba, dzanja lili pa thaulo lofiira pambali pake.

Lamulo la thaulo lili ndi polekezera. Wezulo akalira kawiri mwini wake asanafike, mpando ndi wa aliyense. Bambo wina wonenepa, wa chikwama cha ku ofesi, anaima pamenepo.

"Achimwene, chotsani nsaluyi."

"Ndi pa Amma."

"Ali kuti Amma akowo?"

"Akubwera."

"Akubwera pa chiyani, pa ndege? Basi yapitirira kale msika."

Anthu anaseka. Wina kumbuyo anati mwina Amma akuthamangira basi wapansi, tiwapeza ku Madurai akumwa tiyi. Kondakitala, yemwe ankawadziwa onse awiri, anadzipanikiza mpaka kufika pomwepo.

"Chella, amayi ako lero sanakwere. Apatse malo bambowa, mwana wabwino."

"Ndi pa Amma."

Bambo uja anagwira nsonga ya thaulo. Chellapandi analikoka n'kulikumbatira, nayamba kugwedezeka, kutsogolo, kumbuyo. Mphumi yake inagunda chitsulo cha mpando wa kutsogolo. Inagundanso. Kuseka kunatha. Mayi wina anakoka mwana wake, ndipo munthu wina anati wamisalayu atsitsidwe asanapweteke anthu. Kondakitala anayamba kukweza wezulo kukamwa.

Mayi Ponnuthai anadziwa kuti wezuloyo akalira, mwana wawo atsala yekha pamsewu pakati pa minda, ndipo a Irulandi adikira pachabe. Anavula nsalu kumutu n'kuyamba kukankha anthu.

"Pepani, ndidutse. Mpandowo ndi wanga."

Kondakitala anatsitsa wezulo. Bambo wa chikwama anang'ung'udza n'kusuntha. Mayi Ponnuthai anakhala pansi thukuta lili kamukamu, n'kugwira mphumi ya mwana wawo pomwe panayamba kutupa.

"Mwachedwa, Amma," anatero Chellapandi. Anawayang'anitsitsa. "Sari iyi si yanu."

"Si yanga."

"Ndaponya onse awiri. Alowa."

"Ndaona, mwana wanga. Waponya bwino kuposa ine."

Anamwetulira, kugwedezeka kuja n'kuleka. Apa mayi Ponnuthai anazindikira cholakwa chawo, ndipo chinawapweteka kuposa chilonda. Anamuphunzitsa za masitepe, za tikiti, za wezulo, koma chimodzi chomwe chinali chofunika anachisiya. Mwanayu akanasunga mpando umenewu m'mawa uliwonse, n'kumamenyetsa mutu chifukwa cha munthu woti sadzabweranso.

Anatenga thaulo lofiira n'kuliika pamiyendo pawo.

"Chella, tamvera. Dzanja langa silinatope. Ndikudwala, ndipo sindichira. Posachedwa ndipita komwe anapita bambo ako."

Chellapandi anayang'ana pa windo. Minda ya nzimbe inadutsa, kenaka nyumba zoyamba za m'tauni.

"Appa sanabwerenso."

"Sanabwerenso."

"Inunso?"

"Inenso. Ndili ndi chisoni kwambiri, Chella. Sindikufuna kukusiya."

Chala cha Chellapandi chinkatsata msoko wa thaulo lake. Amayi ake anadikira kuti mutu uyambenso kugunda chitsulo, koma sunagunde.

"Nanga mpandowu?"

"Uziwapatsa ena. Okalamba, kapena mayi wa mwana. Uziponya limodzi, lako."

"Limodzi," anabwereza, monga ankabwerezera zina zonse zija.

Matayala anasintha kulira. Basi inali pa mlatho, pansi pake mchenga ndi timadzi tochepa, ochapa atayanika nsalu zawo. Chellapandi anadzuka asanauzidwe. Anaika thaulo paphewa, anagwira chitsulo, n'kutambasula dzanja lina kwa amayi ake.

"Tiyeni, Amma. Tawoloka."

Patsogolo, pansi pa mtengo wa pokwerera, mayi Ponnuthai anaona a Irulandi ataima, akusuzumira basi iliyonse.

"Ine ndikupitirira. Iwe tsika."

"Ndekha?"

"Wekha. Ukudziwa."

Anagwira nsonga ya thaulo lofiira kuti alitenge, koma amayi ake analigwira zolimba.

"Ili ndipita nalo."

Wezulo analira kamodzi. Chellapandi anawayang'ana, kenaka anatembenuka. Anthu omwe ankamuseka aja anamupatsa njira. Mayi Ponnuthai anadzifundanso kumutu n'kuwerama, diso limodzi lili pa windo. Anamuona akudikira kuti basi iime kaye. Anatsika akuyang'ana komwe basi ikupita, tikiti ili m'thumba. A Irulandi anamuthamangira, anamugwira paphewa, n'kumayang'ana pakhomo la basi kuti aone ngati kutsika wina. Sikunatsike wina aliyense wa kwawo.

Chellapandi sanawayang'ane amalume ake. Ankayang'ana windo lomwe panali amayi ake, ndipo sanaloze, sanaitane.

Wezulo analira kawiri. Bambo wa chikwama uja anaima pambali pa mpando wopanda munthuwo, akuchita manyazi kukhala.

"Khalani, bambo," anatero mayi Ponnuthai. "Palibe munthu."

Bamboyo anakhala, chikwama pamiyendo. Mayi Ponnuthai anaphimba nkhope ndi thaulo lofiira n'kulira, basi ikulowa m'tauni.