Ubongo wa Lotfi Wakana Chikombole

Ntchito ya Nesrine inali ngati youmba njerwa. Kompyuta inkatenga chithunzi cha ubongo wa munthu, kuchikoka ndi kuchipinda mpaka chilowe m'chikombole chimodzi, kuti maubongo a anthu osiyana athe kuyerekezedwa. Zithunzi zokana kulowa, ofufuza anzake a m'labotale ya mumzinda wa Sfax ankangoziponya pambali osazitsegula n'komwe. Ndani anali ndi nthawi yonyengerera chithunzi?

Mmawa umenewo zithunzi za anthu athanzi zinamuperewera, ndiye anakafukula zotayidwa zija kuti apulumutseko zina. Atatsegula chimodzi, mphuno yokhota anaizindikira pompo. Anali Lotfi, mlongo wake, amene iye mwini anamukokera m'makina ojambulira pomulonjeza mbale ya lablabi, msuzi wa tchana.

Anasuntha kadontho kamene kompyuta imayambirapo kupinda chithunzi n'kukaika pakatikati pa ubongo, n'kuyesanso. Mbali yakumanja inatuluka yokwinyika. Anafufuza ngati kumanzere ndi kumanja kunasinthana. Kunali bwinobwino. Anachotsa chigaza pachithunzipo, koma makwinya anabwerera pamalo omwewo. Apa mantha anamugwira. Chibadwire Nesrine sankalola kugonja pa mkangano, koma tsiku limeneli anapempha Mulungu kuti wolakwa akhale iyeyo.

A Chokri, dokotala wowerenga zithunzi, analowa akutafuna buledi.

"Mwaswanso makina, mayi? Kapena mwapeza mutu wouma kuposa wanu?"

Nesrine anawauza kuti chithunzicho ndi cha achimwene ake, ndipo anawapempha kuti aone pomwe iye wasokoneza. A Chokri anati asiye za chikombolezo, atsegule chithunzi chenichenicho monga chinachokera m'makina. Anayenda nacho pang'onopang'ono kuchokera pamwamba pa mutu, kenaka anasiya kutafuna. Kumanja kunali chotupa chimene chinali chitakankhira ubongo kumbali.

"Simunasokoneze paliponse, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Chikadali poti madokotala angachichotse, bola tifulumire. Munamujambula dzulo?"

Nesrine anayang'ana tsiku lolembedwa pakona ya chithunzicho. Anakumbukira Lotfi akudandaula za mutu pa Eid, iye n'kumuseka kuti achepetse khofi.

"Ayi," anayankha. "Nyengo yokolola maolivi."

"Yangothayi?"

"Ya chaka chatha."